Nkhope 12 za mafumu a Roma: momwe ntchito yozokota ikuyendera

Sabata yoyamba

Ndayamba ntchito yomwe ndakhala ndikuizengereza kwa chaka chathunthu. Ndikufuna kuzokota nkhope za olamulira 12 oyambirira a ufumu wa Roma pa lino (linoleum, chinthu chofewa ngati labala chomwe amayala pansi m'nyumba) ndi pa thabwa, kuzisindikiza pamanja, kenako pansi pa nkhope iliyonse kulembapo mawu ochepa m'Chichewa. Zikatheka, ana omwe ndimawaphunzitsa zojambula Loweruka adzazikhoma pakhoma kuti makolo awo adzaone. Ndizilemba pano zotheka ndi zokanika zomwe.

Anthu ake ndi Julius Caesar, Augustus, Tiberius, Caligula, Claudius, Nero, Galba, Otho, Vitellius, Vespasian, Titus ndi Domitian. Amene anawaika pamodzi chonchi ndi Suetonius, mlembi wa kunyumba yachifumu m'nthawi ya mfumu Hadrian. Suetoniusyo analemba mbiri ya moyo wa aliyense cha m'ma 120 AD. Julius Caesar sanalongedwe ufumu monga enawo, koma dzina lake ndi lomwe linasanduka udindo, ndipo ndi lomwe timaliwerenga m'Baibulo kuti Kaisara. Atatu mwa iwo tinawamva kale kutchalitchi: Augustus wa kalembera uja pa Luka 2, Tiberius wa nthawi ya Yohane M'batizi pa Luka 3, ndi Claudius yemwe anathamangitsa Ayuda ku Roma pa Machitidwe 18.

Chomwe chinandiyambitsa ndi nkhani ya ndalama ya msonkho ija. Yesu atafunsa kuti nkhope yomwe inali pandalamapo inali ya yani, anthu anayankha pompo, poti nkhopeyo ankayenda nayo m'thumba tsiku ndi tsiku. Patapita zaka pafupifupi 1500, osindikiza a ku Rome, Venice ndi Antwerp anafunsanso funso lomwelo, koma tsopano yankho linali lovuta. Mafumuwo anali atafa kalekale, zosema zawo zambiri zinali zoduka mphuno komanso zopanda mayina, ndipo ogula ankafuna nkhope basi. Ndiye ndadziikira lamulo limodzi: ndisanakhudze tchizulo, ndiyambe ndalondola kuti nkhope yomwe ndikufuna kukopera inachokera kuti, inadutsa m'manja mwa ndani.

Sabata yachiwiri

Sabata yonse ndathera pa kompyuta. Nyumba zosungira zinthu zakale za Rijksmuseum ku Amsterdam, Metropolitan Museum ku New York ndi British Museum ku London zinaika zithunzi za zosindikiza zakale pa intaneti, ndipo zambiri umatha kuzikulitsa mpaka kuona mzere umodzi umodzi. Bandulo imatha msanga, choncho ndimakopera usiku.

Poyambira penipeni ndi ndalama zachitsulo. Pa khobidi pali nkhope ndi dzina pamodzi, zodindidwa mwini wake ali moyo, ndiye sipakhala kukangana kuti ameneyu ndi ndani. Julius Caesar anaika nkhope yake pa ndalama za siliva za mumzinda wa Rome mu 44 BC, miyezi yochepa asanaphedwe, chinthu chomwe Mroma wamoyo anali asanachitepo pa ndalama za mumzindamo. Mukaiona ndalamayo, khosi ndi lalitali, lamakwinya, masaya olowa, ndipo pamutu pali nkhata ya masamba. Suetonius akuti munthuyu dazi linkamuwawa mtima ndipo nkhatayo ankaikonda chifukwa inkabisa.

Buku loyamba losindikizidwa lomwe linasonkhanitsa nkhope zotere ndi la Andrea Fulvio, Illustrium imagines, lomwe Jacopo Mazzocchi anasindikiza ku Rome mu 1517. Nkhope zake ndi zozokotedwa pa thabwa, zoyera pa bwalo lakuda, zoyang'ana cham'mbali ngati pa khobidi, dzina likuzungulira m'mphepete. Ndazikonda kwambiri, ndipo njira yake ndi yomwe ikugwirizana ndi zida zomwe ndili nazo: umachotsa pomwe ukufuna kuti payere, chakuda chimatsala chokha. Koma m'bukumo muli anthu ena omwe sanaonekepo pa ndalama ina iliyonse, monga amayi ndi abale ena a mafumu, ndipo nawonso ali ndi nkhope zawo m'mabwalo ofanana ndi enawo, dzina lolembedwa bwinobwino. Wowerenga wa mu 1517 sakanatha kusiyanitsa yochokera pa khobidi ndi yochokera m'mutu mwa wojambula. Mu 1525 Johann Huttich ku Strasbourg anatulutsa buku lake motsanzira la Fulvio, ndipo nkhope zinapitirira ulendo kumpoto kwa mapiri a Alps. Pofika 1553, Guillaume Rouillé wa ku Lyon anali kusindikiza timabwalo tonga makobidi tokhala ndi nkhope kuyambira pa Adamu ndi Hava.

Amene anali wosamala ndi Enea Vico wa ku Parma. Buku lake la mu 1548, losindikizidwa ku Venice, linazokotedwa pa mkuwa ndipo likuonetsa kuseri kwa ndalama komwe, osati nkhope yokha. Ndasunga masamba ake kuti azindithandiza kufananitsa. Ndasunganso a Kaisara 12 a Marcantonio Raimondi, uja ankazokota zojambula za katswiri wa ku Italy Raphael, ndi a Antonio Tempesta a mu 1596 okwera pa akavalo. A Tempesta ndi okongola koma sindiwagwiritsa ntchito, chifukwa kavalo ndi amene amatenga malo, nkhope imangotsala kadontho.

Sabata yachitatu

Augustus woyamba wawonongeka. Nkhope inatuluka bwino ndithu, koma zilembo ndinazizokota molunjika monga zimawerengekera, ndiye papepala zatuluka chagada. Ndinkadziwa kuti chosindikiza chimatembenuza zinthu, koma dzanja likazolowera kulemba limathamanga lokha.

Lachinayi ndinapita kwa bambo ena achikulire omwe amasema zidindo pafupi ndi depoti ya mabasi. Amagwira ntchito ndi kalezala kothyola ndi labala wodulidwa bwino, pa kathebulo kosakwana mkono. Ndinawaonetsa pepala langa, iwo anangoliyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musamawerenge chilembo mukamadula. Muzichiona ngati kanyumba, khoma ili, khomo ilo. Mukachiwerenga chikupusitsani." Kenako anandionetsa mmene amalembera mawu ndi pensulo yofewa papepala, kuligadabuza pa labala n'kukhutiza ndi chikhadabo kuti mawu asamukire okha atatembenuka kale. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, ndikuona dzanja lawo likudula S wotembenuka osaima ngakhale kamodzi.

Zimenezi zandithandizanso kuwerenga zosindikiza zakale. Wozokota akakopera chithunzi cha mnzake mwachindunji, osachitembenuza, nkhope yomwe inkayang'ana kumanja imatuluka ikuyang'ana kumanzere. Tsopano ndikaona nkhope ziwiri zofanana koma zoyang'ana kosiyana, ndimadziwa kuti pali yemwe anaonera mnzake.

Augustus wachiwiri watuluka bwino. Chomwe chandivuta ndi mawu a pansi pake. Munthuyu anamwalira mu 14 AD ali ndi zaka 75, koma pa ndalama ndi pa zosema zake zonse ndi mwamuna wa nkhope yosalala, tsitsi lodzaza. Suetonius akuti mano ake anali ang'onoang'ono, otalikirana komanso owonongeka, ndipo ankavala nsapato zokwera kuti aoneke wamtali. Ndiye ngakhale khobidi, lomwe ndimaliyesa mboni yodalirika, limanena zomwe mwini wake ankafuna kuti zinenedwe. Ndalemba kuti: nkhope iyi ndi yomwe Augustus anasankha kuti anthu ake aziiona.

Sabata yachisanu

Masabata awiriwa ndalimbana ndi Hubert Goltzius, ndipo ndi pomwe mtima wanga wakhazikika. Musamusokoneze ndi Hendrick Goltzius wa ku Haarlem, katswiri wozokota mkuwa yemwe anabadwa mu 1558. Hubert anabadwira ku Venlo mu 1526, anamwalira ku Bruges mu 1583, ndipo mu 1557 ku Antwerp anatulutsa buku la nkhope za mafumu kuyambira pa Julius Caesar mpaka mfumu ya nthawi yake Charles V ndi m'bale wake Ferdinand. Nkhope iliyonse ndi yaikulu, yodzaza tsamba, ngati khobidi lomwe lakula kufika pa mbale ya ndiwo.

Njira yake ndi yosakaniza. Mizere ya nkhope ankaikanda ndi singano pa mkuwa wopakidwa phula, asidi n'kudya momwe singano yadutsa. Mitundu yake, yachikasu chodera ndi yofiirira, inkachokera pa matabwa osiyana omwe anasema Joos Gietleughen. Pomwe pakufunika kuwala, monga pa mphumi, pa mphuno ndi pa zilembo, ankasema thabwa kuti inki isafikepo, ndiye kuwalako ndi pepala lenilenilo. Ukaliyang'ana tsambalo umaona ngati chitsulo chotukuka chomwe ungachigwire ndi chala. Kusindikiza mthunzi ndi kuwala ndi matabwa angapo kumeneku amakutcha chiaroscuro. Ku Italy, Ugo da Carpi anapempha akuluakulu a boma la Venice mu 1516 kuti amupatse chilolezo choti njirayi ikhale yake yekha, ngakhale kuti ku Germany Hans Burgkmair ndi Lucas Cranach anali atayamba kale kusindikiza ndi matabwa a mitundu.

Ndayesa pa Nero. Ndinamusankha chifukwa nkhope yake ndi yosavuta kuizindikira: analowa ufumu mu 54 AD ali ndi zaka 16, ndipo ukayala ndalama zake mwa ndondomeko ya zaka umaona mnyamata wowonda akunenepa pang'onopang'ono mpaka chibwano chitalumikizana ndi khosi, tsitsi litapesedwa m'mizere ngati masitepe. Mkuwa ndi asidi ndilibe, choncho mizere ndaizokota pa lino, mtundu pa thabwa la pulayiwudi. Akale ankakonda thabwa la mtengo wa peyala wa ku Ulaya, osati mapeyala athu odyera mbatatawa, chifukwa ndi losalala ndipo silithetheka. Pulayiwudi imathetheka ukadula mopingasa, ndiye ndimayamba ndadula m'mphepete ndi mpeni wakuthwa ndisanalowetse tchizulo.

Vuto lalikulu ndi kulunjikitsa. Pepala limodzi liyenera kugona pa thabwa loyamba, kuuma, kenako kugona pa lachiwiri pamalo omwewo ndendende. Likasuntha ngakhale pang'ono ngati kambewu ka mapira, kuwala kwa pamphuno kumagwera pa tsaya ndipo munthu amaoneka ngati wamenyedwa. Mwa mapepala khumi oyamba, atatu okha ndiwo anatuluka. Ndinakhoma timatabwa tiwiri pa bolodi kupanga ngodya, kuti thabwa ndi pepala zizitsamira malo amodzi nthawi zonse, ndipo zinthu zasintha. Makina osindikizira ndilibe. Ndimapaka inki ndi rola, kugoneka pepala, n'kukhutiza kumsana kwake ndi supuni yamtengo mozungulira kuyambira pakati, ndikumasuzumira pakona kuti ndione ngati yagwira. Nero mmodzi amanditengera mphindi zoposa 20, ndipo phewa limamva.

Koma chomwe chandigwira mtima m'buku la Goltzius si luso ayi. Mutu wa bukulo umati nkhope za mafumu pafupifupi onse, ndipo mawu oti pafupifupi anawaika dala. Pa mafumu ena omwe analibe nkhope yoti akopere, anasindikiza bwalo lopanda nkhope, pakati pali mbee. Nditaliona tsamba loyamba lotere ndinaganiza kuti chithunzi sichinatsitsike bwino pa intaneti. Munthu wogulitsa buku la zithunzi kusiya tsamba lopanda chithunzi, pa nthawi yomwe anzake ankasindikiza nkhope ya Adamu, si chinthu chaching'ono.

Ndiyenera kunenanso mbali ina. Goltzius yemweyu, m'mabuku ake otsatira, anaikamo ndalama zambiri zomwe palibe anazionapo, ndipo Joseph Eckhel wa ku Vienna, yemwe m'zaka za m'ma 1790 anayala maziko a maphunziro a ndalama zakale, anamudzudzula kwambiri pa chifukwa chimenechi. Zandiwawa pang'ono, chifukwa ndinali nditayamba kumukhulupirira pa chilichonse. Tsopano nkhope iliyonse yake ndimaifananitsa ndi chithunzi cha khobidi lenileni.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Magetsi avuta sabata ino ndipo inki yakuda yatsala pang'ono. Ndamaliza Tiberius ndi Claudius basi. Nthawi yotsalayo ndawerenga za Titian, katswiri wojambula ndi penti wa ku Venice.

Federico Gonzaga, wolamulira wa mzinda wa Mantua ku Italy, analamula Titian kuti ajambule a Kaisara oti akongoletse kachipinda kena m'nyumba yake yachifumu, ndipo ntchitoyo inachitika pakati pa 1536 ndi 1540. Anajambula 11, Domitian panalibe. Sanali mitu yoyang'ana cham'mbali ngati ya pa khobidi, koma amuna athunthu kufika cha m'ntchafu, atavala zankhondo, wina akuyang'ana uku wina uko. Banja la Gonzaga litasowa ndalama linagulitsa zithunzi zake zambiri kwa mfumu Charles I ya ku England cha mu 1628, kudzera mwa wamalonda Daniel Nys. Charles atadulidwa mutu mu 1649 katundu wake anagulitsidwa, a Kaisara aja anakathera ku Spain, ndipo anapsa pomwe nyumba yachifumu ya Alcázar ku Madrid inayaka usiku wolowera Khirisimasi mu 1734. Palibe ndi chimodzi chomwe chinapulumuka.

Komabe tikuwadziwa maonekedwe awo, chifukwa anakoperedwa asanapse. Bernardino Campi anawakopera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1560 n'kuwonjezerapo Domitian kuti akwane 12. Aegidius Sadeler, wozokota wa ku Antwerp yemwe ankagwira ntchito kunyumba yachifumu ku Prague ndipo anamwalira komweko mu 1629, anawazokota pa mkuwa pamodzi ndi akazi 12 a mafumuwo. Mapepala a Sadeler ndi omwe anafalikira ku Ulaya konse, anthu n'kumawakoperanso pa makoma ndi pa ziwiya. Chithunzi cha penti chinali chimodzi, m'chipinda chimodzi, ndipo moto umodzi unakwanira. Pepala lotchipa lomwe linasindikizidwa kambirimbiri ndi lomwe latifikira.

Ndamukulitsa Sadeler pa sikirini mpaka tsaya la Claudius linadzaza galasi lonse. Palibe mthunzi wopaka, ndi mizere yokhayokha, yolembedwa ndi kachitsulo kosongoka kotchedwa burin komwe amakakankha ndi chikhatho. Mzere umayamba wopyapyala, umanenepa pakati pomwe dzanja lakanikiza, n'kuwondanso. Pomwe pakufunika mdima, mizere ina imadutsa mopingasa, ndipo pakati pa timabokosi take pali timadontho. Loweruka ndinapatsa ana galasi lokulitsira zinthu ndi ndalama yapepala ya kwacha kuti ayang'ane nkhope ya John Chilembwe. Mtsikana wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, si chithunzi ichi, ndi timizere!" Ndinawaonetsa Sadeler pambali pake ndipo sindinafunikenso kufotokoza zambiri. Ndinabweretsanso khobidi lakale la tambala lokhala ndi mutu wa Kamuzu woyang'ana cham'mbali, dzina la dziko m'mphepete, kuti aone kuti kaikidwe kameneka kanachokera kutali.

Sadeler sindimutsanzira. Lino sangapirire mizere yopyapyala chotero, ndiponso nkhope zake zadutsa m'manja ambiri: khobidi kapena chosema, kenako Titian, kenako wozokota. Ndidzasindikiza chimodzi pa printa n'kuchikhoma pambali kuti anthu afananitse.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Ndafika pa chaka cha 69 AD, chomwe Roma inakhala ndi mafumu anayi, ndipo apa ndi pomwe lamulo langa layesedwa.

Galba sanavute. Anali nkhalamba ya zaka zoposa 70, wa mphuno yokhota ndi chibwano chotuluka, ndipo ndalama zake sizinamubise. Ndamuzokota tsiku limodzi.

Otho analamulira miyezi itatu yokha, kuyambira Januwale mpaka Epulo. Ku Rome anadinda ndalama zagolide ndi zasiliva, koma zazikulu zija zamkuwa zotchedwa sestertius sanadinde. Anthu olemera a m'zaka za m'ma 1500 omwe ankatolera makobidi ankafuna mzere wathunthu wa a Kaisara 12 amkuwa, ndipo malo a Otho ankakhala opanda kanthu. Giovanni da Cavino wa ku Padua, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1500 mpaka 1570, anali mmodzi wa amisiri omwe anapanga makobidi atsopano otsanzira akale, a Otho wamkuwa ali momwemo. Choncho ndikaona chosindikiza chakale cha Otho, ndiyenera kufunsa ngati wozokota anali ndi khobidi la mu 69 patebulo pake kapena la ku Padua. Ndabwerera ku ndalama yasiliva yeniyeni. Ndi yaing'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma tsitsi likuoneka bwino, mizere yoyalana mosamala kwambiri kuposa tsitsi lomera lokha. Suetonius akuti ankavala wigi. Ndalizokota monga liliri, mizere inayi yopindika kuchokera pamphumi.

Vitellius ndiye wandidyera masiku. Nkhope yomwe ojambula ambiri a nthawi imeneyo ankaidziwa ngati yake ndi chosema chamwala cha munthu wonenepa, wa masaya olendewera, chomwe Kadinala Domenico Grimani anasiyira mzinda wa Venice mu 1523. Chinakoperedwa kosawerengeka, ndipo kwa Tintoretto, wojambula wa ku Venice, ankachijambula mobwerezabwereza pophunzira kuwala ndi mthunzi. Chinkagwirizana bwino ndi zomwe Suetonius analemba za munthu wosusuka wa mimba yaikulu, ndiye palibe yemwe ankakayika. Akatswiri a masiku ano akuti chosemacho ndi cha m'zaka za m'ma 100 AD, cha m'nthawi ya Hadrian, ndipo ndi nkhope ya munthu wina wosadziwika dzina. Ndinali nditajambula kale nkhopeyo pa lino ndi pensulo, chifukwa ndi yokoma kuizokota kuposa ina iliyonse. Ndaifufuta. Vitellius wanga achokera pa khobidi, mutu wozungulira ndi khosi lonenepa, ngakhale kuti sakopa maso ngati winayo.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Zatha ndi zisanu ndi zitatu: Augustus, Tiberius, Claudius, Nero, Galba, Otho, Vitellius ndi Vespasian. Vespasian ndamukonda, nkhope yamakwinya yothinana ngati ya munthu yemwe wasenza thumba la chimanga, ndipo pa ndalama zake sanadzikongoletse. Julius Caesar ndamuyamba kawiri, khosi likundikanika, makwinya ake akutuluka ngati zingwe. Caligula ndi Titus ndawajambula pa pepala koma sindinawasamutsire pa lino. Domitian sindinamuyambe.

Mawu a pansi pa nkhope ndasintha kalembedwe kake. Osindikiza akale ankalemba m'munsi mwa chithunzi mawu achidule a Chilatini: invenit kwa yemwe anapanga chithunzi, sculpsit kwa yemwe anazokota, excudit kwa yemwe anasindikiza n'kugulitsa. Ine ndiika mizere itatu m'Chichewa: gwero la nkhope, yemwe ndamutsanzira, ndi wozokota. Pa Nero palembedwa kuti nkhope yachokera pa ndalama ya zaka zake zomaliza, njira ndi ya Goltzius. Pa Otho palembedwa kuti yachokera pa ndalama yasiliva ya mu 69 AD.

Ndawonjezanso tsamba la 13 lomwe silinali m'mapulani. Ana anafunsa za akazi, ndipo Aurelia, mayi ake a Julius Caesar, ndi munthu yemwe olemba akale anamutchula mwaulemu ngati mayi wolera bwino mwana, koma nkhope yake sinadindidwe pa ndalama. Ndasema thabwa la mtundu lokha ndi dzina lake m'mphepete, pakati ndasiya mbee monga anachitira Goltzius. Ndalisindikiza dzulo madzulo, latuluka bwino ulendo woyamba, poti palibe mphuno yoti ilunjike.

Inki yatha. Mawa ndipita kutauni kukafuna ina ndi mapepala okhuthala pang'ono, chifukwa omwe ndili nawowa akung'ambika supuni ikadutsa kachiwiri. Ndidutsanso kudepoti kukawaonetsa bambo aja zilembo za pa Vespasian, ndi kuwafunsa momwe angadulire makwinya a pakhosi la Caesar kuti asaoneke ngati zingwe.